Asilikali akuthera pakhoma: kulanda linga mu Medieval II: Total War osataya theka la khamu

Linga la Angers linandidyera anthu ndisanazindikire chimene ndinkalakwitsa. Ndinkasewera ngati England, khamu langa lili lodzaza, magulu 20 onse, pamene m'kati mwa lingamo munali timagulu 7 ta France basi. Ndinapangitsa chogumulira chipata chimodzi ndi nsanja ziwiri zokankha, n'kuyamba nkhondo mtima uli m'malo. Chogumuliracho chinapsa chisanafike n'komwe pachipata. Nsanja imodzi inagwira moto lawilawi, okankha ake n'kubalalika. Inayo inafikadi pakhoma, koma aliyense wotuluka pakhomo pake ankakumana ndi malupanga kumanja ndi kumanzere. Pofika pabwalo la pakati n'kuti anthu anga osakwana theka. Linga ndinalanda, inde, koma patangopita ma turn awiri (turn ndi gawo limodzi la kusewera pamapu a gemu) khamu lina linatulukira kuchokera ku Paris n'kulitenganso ngati likutola mango ogwa okha.

Gemu ya nkhondoyi, Medieval II: Total War, ndi ya kampani ya Creative Assembly, inatuluka mu 2006, ndipo mu 2022 a Feral Interactive anaibweretsa pa mafoni a Android ndi iOS. Kaya mukusewera pa kompyuta kaya pa foni, dandaulo ndi lomweli: kudambo nkhondo mukupambana mosavuta, koma mukangofika pa linga la miyala anthu akutha ngati mchere m'madzi.

Ntchito ya khoma ndi kukuchepetsani. Kunja mutha kukhala 1,000, koma pamwamba pa makwerero mumafika mmodzimmodzi, pachipata mumalowa anayi kapena asanu, ndipo amene akukudikirani aima ambiri, opuma bwino, mozungulira kampata kameneko. Zonse zimene zili m'munsimu zikuchokera pa funso limodzi: pamalo pamene malupanga akugundana panopa, ochuluka ndani, anga kapena awo?

Choyamba, kodi nkhondoyi iyenera kumenyedwera pakhoma?

Ambiri timazinga linga, timadikira turn imodzi kuti zida zipangidwe, kenako timadina batani lomenyera popanda kuganizanso. Pamapu pali njira ziwiri zimene zimapulumutsa anthu kuposa luso lililonse la pakhoma.

Yoyamba ndi kuwakoka kuti atuluke. Yang'anani ngati pafupi ndi linga pali kagulu ka adani kamene kaima mogundizana nalo. Kompyuta, kutanthauza gemu imene imayendetsa adani, imakonda kusiya timagulu totere, nthawi zina kamodzi kokha ka anthu a mikondo. Mukamenya kaguluko, asilikali a m'linga amabwera kudzathandiza anzawo, ndipo nkhondo imachitikira poyera, popanda khoma kapena nsanja. Apa musakhutire ndi kupambana chabe. Gemu ikakufunsani ngati mukufuna kuthetsa nkhondo adani atathawa, kanani, mutumize okwera pa akavalo awathamangitse mpaka muwagwire pafupifupi onse, makamaka mkulu wawo. Mukawapulula bwino, linga limatsala lopanda munthu ndipo mumangolowa. Mukasiya ochuluka athawe, amabwerera m'kati n'kutseka chipata, ntchito yonse kubwerera pa chiyambi.

Yachiwiri ndi njala. Mukazinga malo, gemu imakuonetsani ma turn amene a m'katiwo angapirire. Nthawi yonseyo sangalembe asilikali atsopano kapena kumanga kanthu, ndipo chiwerengero chawo chimanka chitsika. Nthawi ikatha amagonja kapena amatuluka kudzamenyana nanu. M'mbiri yeniyeni malinga ambiri ankagwa chonchi. Mu 1266 Mfumu Henry III ya England inazinga linga la Kenilworth pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi, zida zoponya miyala zinalephera, ndipo chimene chinatsegula chipata chinali njala ndi matenda.

Adani amene mwawazingawo akatuluka, dziwani kuti simupatsidwa mpata wokonza mizere nkhondo isanayambe. Anthu anu amapezeka ataima pamene gemu yawaika, ena atagwira zida zozingira. Imitsani gemu ndi batani la P, auzeni asiye zidazo, mubwerere m'mbuyo kumene mivi ya nsanja siikufika. Adani amatuluka pachipata ali ndondondo ngati mbuzi zotuluka m'khola, ndiye tsopano ochepetsedwa ndi iwowo. Alekeni atalikire, muwalase, muwagunde ndi akavalo m'mbali. Akatembenuka kuthawa, chipata chimawatsegukira, ndipo akavalo anu akakhala pa zidendene zawo amalowa nawo limodzi.

Kudikira kuli ndi mtengo wake. Khamu limene lakhala pansi limadyabe ma florin, ndalama za mu gemuyi, turn iliyonse, ndipo turn imodzi mu kampeni yaikulu ndi zaka ziwiri. Khamu lina la adani litha kukufikirani kumsana, mupezeke mukumenyedwa mbali ziwiri. Komanso pali Papa. Ngati mukuzinga Akatolika anzanu, kalata yochokera ku Rome itha kufika yokuuzani kuti musiye nkhondo kwa ma turn angapo, ndipo mukanyozera amakuchotsani mu Mpingo, anthu a m'mizinda yanu n'kuyamba kuwinduka. Ndiye pa France, Scotland kapena Milan, kudikira nthawi zina sikutheka. Pa malinga a zigawenga monga Caernarvon kapena Bordeaux koyambirira kwa kampeni, palibe Papa wokuletsani. Pamenepo dikirani ndithu ngati palibe chokuthamangitsani. Fulumira adadya gaga.

Chogumulira ndi nsanja zikungopsa

Mivi ya moto ndiyo imachita zimenezi, yochokera kwa oponya mivi a pakhoma ndi ku nsanja za linga. Zida zanuzo ndi zamatabwa, zimayenda pang'onopang'ono, ndipo njira yochokera pamene mwaima kukafika pakhoma ndi yaitali.

Mankhwala ake oyamba ndi osavuta: musapite ndi chimodzi. Ma point opangira zida amadalira kukula kwa khamu lanu, ndipo akaperewera, dikirani turn ina kuti muwonjezere. Zogumulira zikhale ziwiri, chachiwiri chiime chapatali kudikira. Choyamba chikapsa chitayandikira chipata, chigoba chake chimavutitsa pa njira, choncho chachiwiri musachiyendetse pamsana penipeni pa chinzake.

Chachiwiri, zonse zinyamuke nthawi imodzi. Ndinkalakwitsa potumiza chogumulira chokha patsogolo kuti ndione kaye mmene ziyendere, ndiye mivi yonse ya khoma lija inkagwera pa chinthu chimodzi. Mukatumiza chogumulira, nsanja ziwiri ndi makwerero pamodzi, oponya mivi amagawikana. Kagulu kotchipa koyenda patsogolo katatalikirana, anthu ake ataima patalipatali, kamakokanso mivi ina.

Pali chinthu chimene ambiri sachiona. Nsanja za linga mu gemuyi zimaponya pokhapokha pafupi nazo pali gulu la adani. Yang'anani timbendera pamwamba pake: pamene pali mbendera, nsanjayo ili maso, pamene palibe, ili zii. Musanayambe nkhondo mumaloledwa kuika magulu anu mbali zingapo za linga. Kompyuta imaunjika anthu ake kumene yaona zida zanu zambiri. Gulu limodzi kapena awiri a makwerero mukawaika kumbali ina kutali, kawirikawiri amafika pakhoma lopanda munthu, nsanja zake zili chete.

Kenako mvula. Womenya ndi amene amasankha nthawi, ndipo nkhondo isanayambe pali batani lodikirira kuti nyengo isinthe. Mvula imafooketsa moto ndi mauta. Imafooketsanso oponya mivi anu ndi mfuti zanu, koma pa nthawi yoyandikira khoma amene akudalira kwambiri mivi ndi iwowo.

Makwerero ndiwo ndimawakonda kuposa zonse. Sapsa, ndi otchipa pa ma point, ndipo owanyamula amatha kuthamanga, pamene okankha nsanja amayenda ngati akuperekeza maliro. Kuipa kwake tikukuona tsopano.

Akukwera, koma akuphedwa akangofika pamwamba

Ili ndi vuto la anthu olakwika pa ntchito yolakwika. Gulu la mikondo, kaya Spear Militia kaya Armoured Sergeants, linapangidwira kuimitsa akavalo, ndipo pakhoma sipakwera kavalo. Pamwamba paja, pamene munthu akumenyana ndi munthu pa kanjira kopapatiza, pamafunika lupanga, chishango ndi zovala zachitsulo. Dismounted Feudal Knights ndi amene ndimawatuma, kapena Armoured Swordsmen ngati muli England ndipo mwafika powalemba. Onyamula zida za manja awiri opanda chishango, monga Billmen, amatha ndi mivi asanagwire n'komwe khwerero loyamba. Asungeni, adzagwira ntchito m'misewu.

Pali amene amati tumizani Peasants, gulu la alimi wamba, patsogolo kuti afe ndi iwo. Ine ndinayesa, sindinapindule. Amathawa akangotaya anzawo ochepa, amataya makwerero pakati pa njira, ndipo kuthawa kwa gulu limodzi kumagwetsa mtima magulu oyandikana nalo. Ngati mukufuna anthu oti afe m'malo mwa asilikali anu ozolowera nkhondo, lembani aganyu. Amamenya ndithu, ndipo amene agwa simudzawalipiranso turn yotsatira. N'zankhanza, koma thumba la mfumu limavomereza.

Mfundo yaikulu ndi malo oikira makwerero. Musaike pamene pali gulu lolimba la adani likukuyang'anani. Sunthani kamera, yang'anani khoma lonse. Pamene pali oponya mivi okha, kwerani pamenepo, chifukwa oponya mivi ambiri sapirira lupanga. Pamene palibe munthu, ndiye bwino koposa: kwerani, dikirani gulu lonse lithe kukwera ndi kufola, kenako muyende pamwamba pa khoma kukagunda adani m'nthiti. Kudikirako n'kofunika. Mukawalamula kumenya anthu 10 okha atakwera, 10 amenewo amathamangira kukafa okha, otsatira nawonso chimodzimodzi.

Mukakakamizika kukwera pamene pali adani, ikani magulu awiri, lina kumanja kwawo lina kumanzere, kuti gulu lawo likhale pakati. Pakhoma palibe kothawira, ndipo gulu lomenyedwa mbali ziwiri limasweka msanga. Nsanja yokankha pano imaposa makwerero, chifukwa imakhuthula anthu angapo nthawi imodzi. Ndiye gawani chonchi: nsanja pamene pali adani, makwerero pamene palibe.

Za oponya mivi anu, musataye mivi polasa anthu obisala kuseri kwa mano a khoma. Yambiri imangogunda mwala. Zimitsani kuponya mwaufulu, sungani mivi. Gawo la khoma likakhala lanu, akwezeni pamenepo. Munthu wa crossbow, uta wogwira ngati mfuti, ataima pamwamba pa khoma la mdani, akulasa m'munsi pamsana pa anthu amene akutchinga chipata, amapha ambiri kuposa gulu lililonse limene muli nalo.

Mpanipani pachipata

Chipata chagumuka, mtima wakwera, mwasankha magulu asanu n'kuwauza onse alowe. Chimene chimachitika mwachionapo: anthu mazana atapanikizana thithithi pansi pa chipata, akutsogolo asanu okha ndi amene akumenya, ena onse akungokankhana uku nsanja ziwiri za m'mbali zikuwalasa. Ngati mukusewera Kingdoms, yowonjezera ija ya 2007, pamwamba pake amakuthiraninso mafuta owira.

Chipata chogumuka chisiyeni kaye chikhale chiopsezo. Adani amaunjika magulu awo abwino kuseri kwake, ndipo pamene aima pamenepo sali kwina. Inu tengani khoma. Anthu anu akachotsa adani pa nyumba ya pamwamba pa chipata, chipatacho chimakhala chanu. Kenako gulu limodzi litsike pa masitepe a m'kati mwa nsanja, lizungulire kumsana kwa otchinga chipata aja. Likangowagunda kumsana, ndi pamene mulowetse gulu limodzi lolimba kutsogolo. Limodzi, osati asanu. Likatopa, litulutseni, mulowetse lina.

Akavalo asakhale oyamba kulowa. Kuseri kwa chipata nthawi zambiri kumakhala mikondo, ndipo kavalo wopanda mtunda wothamangira ndi nyama yoima. Mkulu wa asilikali makamaka: aime pafupi kuti anthu alimbe mtima, koma kunja kwa mivi. Ndinatayapo mwana wa mfumu pachipata cha Toulouse chifukwa chofuna kuti alowe poyamba ngati ngwazi, ndipo atangogwa mzere wonse unagwedera.

Kazitape

Kazitape amene walowa mu linga ali ndi mwayi wotsegula zipata nkhondo ikayamba, ndipo gemu imakuonetsani kukula kwa mwayiwo. Mukalowetsa awiri kapena atatu mwayi umakwera. Zipata zikatseguka mutha kumenya turn yomweyo imene mwafika, osadikira zida, Papa asanalembe kalata yake, khamu lothandiza lisanafike. M'mbiri yeniyeni mzinda wa Antioch unagwa chonchi mu 1098: ankhondo a Mtanda anakhala kunja miyezi yoposa isanu ndi iwiri, mpaka Bohemond, mmodzi mwa atsogoleri awo, anagwirizana ndi mlonda wa nsanja dzina lake Firouz, amene anawalola kukwera usiku.

Koma chipata chotsegula ndi chipatabe, mpanipani uja ulipo. Phindu lake lenileni ndi loti linga kapena mzinda umakhala ndi zipata zingapo. Gawani khamu, lowani mbali ziwiri kapena zitatu, ndipo kumene kulibe otchinga muthamangitse akavalo. Kazitape amakuuzaninso amene ali m'kati musanafike, kuti musapite ndi mikondo yokhayokha pa linga lodzaza ankhondo a malupanga. Ngati ndi watsopano, muyambitseni pa timidzi ta zigawenga ndi timakhamu ta m'njira kuti luso likwere, chifukwa mukamuponya msanga pa linga lalikulu amagwidwa n'kuphedwa.

Zida zoponya zilipo, koma palibe chikusintha

Catapult ya mu gemuyi si legeni ya mbalame ayi, ndi chimakina choponya miyala yogumula khoma. Ikakhala m'khamu, kapena trebuchet, chimakina china choponya miyala, kapena mizinga imene imabwera wonga ukatulukira m'zaka za m'ma 1200, mumaloledwa kumenya linga turn yomweyo. Ngakhale ballista, chimakina choponya mivi ikuluikulu, imathyola chipata chamatabwa.

Ambiri amaziwononga polasa anthu. Miyala yake ndi yowerengeka ndipo pa anthu imaphonya kwambiri, makamaka ikakhala ya moto. Lozani pa khoma, ndi miyala wamba. Ine ndimayamba ndi nsanja ziwiri zoyandikana ndi pamene ndikufuna kulowera, kenako ndimaboola mipata iwiri yotalikirana pang'ono. Mpata umodzi ndi chipata china chabe, adani amautchinga mosavuta. Iwiri imawagawa, ndipo amene alowa pa wina amazungulira kumsana kwa otchinga unzake. Gawo la khoma likamagwa limagwa ndi onse amene aima pamwamba pake, ndiye ngati pali gulu labwino laima pakhoma, gumulani pansi pa mapazi awo.

Imikani zidazi kumene mivi siifika, ndipo pafupi pakhale gulu la mikondo, chifukwa kompyuta nthawi zina imatulutsa akavalo kudzapha oziyendetsa. Linga likakhala ndi nsanja za ballista kapena za mizinga, zimenezo zimafika patali, ndipo ziyenera kugwa poyamba china chilichonse chisanayandikire. Dziwaninso kuti zida zoponya zimachedwetsa khamu lonse pamapu. Kumene kuli nyanja, zikwezeni m'zombo. Ndipo chilichonse chimene mwagumula mudzachikonza ndi ndalama zanu linga likakhala lanu, choncho musagumule mongosangalala.

Khoma loyamba lagwa, kutsogolo kuli lina

Malinga akuluakulu a mu gemuyi ali ndi mipanda ingapo: Fortress ili ndi iwiri, Citadel itatu. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya khamu, chifukwa amathera mphamvu ndi zida zonse pa mpanda woyamba. Château Gaillard, linga limene Richard I anamanga ku Normandy, linali la magawo atatu otere, ndipo Philip II wa France anachita kulitenga gawo ndi gawo mpaka linagwa mu March 1204.

Nsanja zokankha sizilowa pachipata, ntchito yawo imathera panja. Makwerero ndi chogumulira zimanyamulikanso: sankhani gulu, dinani pa chidacho, alowe nacho m'kati. Pa chifukwa chimenechi pa Fortress ndimapangitsa makwerero ochuluka ndi zogumulira zosachepera ziwiri. Ngati muli ndi zoponya miyala, sungani ina ya chipata cha m'kati.

Pali kamphindi kamodzi ka mtengo wapatali. Mpanda wakunja ukagwa, kompyuta imalamula anthu ake kuthamangira m'kati, ndipo chipata cha m'kati chimatseguka kuti alowe. Akavalo opepuka akakhala okonzeka, athamangitseni pamsana pa othawawo. Amapha ambiri m'njira, ndipo nthawi zina amalowa nawo, chipata chachiwiri n'kukhala chanu popanda chogumulira. Mukaona kuti mwachedwa, musakakamize. Bwezani anthu kumene nsanja za m'kati sizifika, apume. Asilikali amene akwera makwerero n'kumenya pakhoma amakhala atatopa, ndipo wotopa amafa msanga.

Bwalo la pakati likumeza anthu

Mwatenga makoma, mwatenga zipata, adani atsala magulu atatu okha pabwalo. Mukuti zatha. Mwatumiza aliyense, ndipo pamenepo ndi pamene mukutaya anthu ochuluka kuposa pakhoma paja.

Chifukwa chake n'chakuti pabwalo la pakati adani sathawa. Kwina kulikonse gulu likamenyedwa kwambiri limasweka, koma pabwalo limamenya mpaka munthu womaliza, ngakhale likhale la alimi wamba. Onse amene anathawa pakhoma amathamangira komweko n'kulimbanso mtima. Pa chifukwa chimenechi, munthu aliyense amene mwamugwira m'misewu asanafike pabwalo ndi phindu lalikulu: pothawa amagwidwa ulere, pabwalo amakuphani kaye awiri. Akavalo ntchito yawo yeniyeni mu linga ndi imeneyi, kudula njira ya pakati pa khoma ndi bwalo.

Otsala pabwalowo musawalowerere. Fikani pa misewu yolowera pabwalo, iwiri kapena itatu, osati umodzi. Pakamwa pa msewu uliwonse imikani gulu la mikondo, muliuze ligwire malo ake osathamangitsa munthu. Kumsana kwake ikani oponya mivi, aja munawasungira mivi aja. Longbowmen a England, a mauta aatali, amaponya modutsa pamwamba pa anzawo. A crossbow amafuna kuona chimene akulasa, ndiye aikeni kutsogolo kapena pambali, okonzeka kubwerera kuseri kwa mikondo. Kenako yambani kulasa.

Zimene zimachitika n'zosangalatsa kuonera. Kompyuta imapirira kanthawi, kenako gulu limodzi limatuluka pabwalo kudzathamangitsa oponya mivi. Likangoponda kunja kwa bwalo limakhala ngati gulu lina lililonse, lotha kusweka. Limagunda pa mikondo yanu, inu mumalimenya m'mbali ndi Billmen aja, limathawira pabwalo litachepa, mivi n'kuyambiranso. Mkulu wawo ndi omuteteza ake okwera pa akavalo nawonso amatuluka chonchi, ndipo ndi bwino afere pa mikondo kusiyana n'kuti mukamupeze pabwalo ali pakati pa anthu ake. Ngati catapult yatsala ndi miyala, ikokereni mu msewu. Pa anthu ounjikana malo amodzi osasuntha, ngakhale chida chophonyaphonya chimapeza munthu. Samalani kuti kutsogolo kwake kusakhale anthu anu.

Atatsala ochepa, lowani mbali zonse nthawi imodzi, oyenda pansi kutsogolo, akavalo kumsana kwa adani. Kumbukirani kuti simufunika kupha aliyense mu linga lonse. Bwalo likakhala m'manja mwanu mphindi 3 mwapambana, ngakhale gulu lina la adani lidakali pakhoma kutali. Ndiye ngati kompyuta yatumiza pafupifupi onse ku makoma n'kusiya bwalo lili ndi kagulu kamodzi, makwerero a kumbali aja ndi akavalo olowa pachipata cha kumbuyo atha kuthetsa nkhondo anthu anu ambiri asanasolole n'komwe lupanga. Ikani mikondo m'misewu kuti obwerera asafike pabwalo kudzasokoneza wotchi.

Nthawi ikutha ndisanamalize

Njira zonsezi zimadya nthawi, ndipo wotchi ya nkhondo ikatha, wolephera ndi womenya. Malire a nthawiwa amazimitsika mu zosankha za gemu. Ena amati kutero n'kubera. Ine ndimazimitsa pa Citadel pokha, chifukwa kumeneko theka la nthawi limathera pa kuyendetsa anthu m'tinjira mmene amasochera okha. Mukasiya wotchi ikuyenda, kufulumizitsa gemu pamene anthu akupuma n'kosathandiza, chifukwa wotchiyo imafulumiranso. Chimene chimathandiza ndi kuyendetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, oponya mivi akukwera khoma uku makwerero akunyamulidwa kupita m'kati.

Za kusochera kwa magulu, perekani malamulo aafupi. Musauze gulu lili kunja kwa linga kuti lipite pabwalo, chifukwa lidzasankha lokha njira, mwina yodutsa pachipata chimene simukuchifuna. Liuzeni lifike pa mphambano iyi, likafika muliuze ina. Ndipo sungani gemu musanayambe nkhondo ya linga lalikulu. Magetsi anandizimirapo wotchi ya pabwalo itatsala masekondi ochepa, laputopu yake ya batire lakufa, nkhondo ya ola lathunthu n'kupita.

Pali batani lija loti kompyuta imenye yokha nkhondo. Pa malinga, ine ndaona kuti kawirikawiri limapereka imfa zochepa kuposa zimene khoma lotero likanadya, makamaka mukakhala ochuluka kwambiri ndipo mkulu wanu ali ndi nyenyezi zambiri zosonyeza luso lotsogolera nkhondo. Pa timalinga ta zigawenga ndimaligwiritsa ntchito mopanda manyazi. Kuipa kwake simusankha amene afe, ndipo litha kukutayirani magulu amene simungathe kuwabwezeretsa kutali ndi kwanu.

Linga lalandidwa, koma khamu silikubwerera mwakale

Gulu limabwezeretsedwa anthu pamalo pamene pali nyumba yolembera gulu la mtundu umenewo. Dismounted Feudal Knights simungawadzazitse mu mzinda wa malonda kapena mu kalinga ka matabwa. Musanasankhe oti akwere poyamba, dzifunseni kuti mukawadzazitsira kuti. Ngati linga limene mukulandalo ndi lokula mokwanira, ambiri mudzawadzazitsa pomwepo. Ngati ayi, phatikizani magulu operewera a mtundu umodzi, otsalawo muwabweze ku malinga anu akale monga Caen kapena Nottingham, ndipo gulu latsopano linyamuke kumeneko nkhondo isanachitike n'komwe, kuti lidzafike pa nthawi yake.

Turn yomweyo konzani khoma ndi nsanja zimene munagumula. Mpata umene munaboola ndi catapult ukakhala chitsegukire, khamu lochokera ku Paris lija silifunikanso makwerero kapena chogumulira, limangofika n'kulowera pomwe munalowera inu.